Nambala ya Munthu Wosadwala

Aliyense wa ife anapitako kuchipatala. Munthu akafika amakhala pamzere, ndipo nthawi yake ikakwana amalowa m'chipinda kukafotokozera dokotala zimene zikumuvuta. Dokotala amamvetsera, amafunsa mafunso, amagwira apa ndi apo, kenaka amalemba m'kabuku. Wodwala akalandira mankhwala amabwerera kwawo, naganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Komatu siithera pomwepo. Zimene dokotala wapeza zimalembedwanso m'kaundula wa chipatala. Mwezi ukatha zimawerengedwa ndi kutumizidwa ku ofesi ya zaumoyo ya paboma, ndipo kuchokera kumeneko zimakafika ku likulu la unduna. Akuluakulu a ku likulu sanamuonepo wodwala uja, ngakhale dzina lake salidziwa, koma ndi iwo amene amagamula kuti mankhwala a malungo apite ochuluka bwanji ku Nsanje, ndi kuti anamwino owonjezera atumizidwe kuti. Maso awo ndi kaundula. Kaundula akanama, iwonso amasokera.

M'phunziro lino tiona mmene mayiko anagwirizanirana kuti matenda alionse akhale ndi nambala yake. Tionanso vuto limene linabuka pa mliri wa COVID-19, pamene anthu miyandamiyanda anapimidwa chikhalirecho sankamva kupweteka pena paliponse. Kodi munthu wosadwala amamulembera nambala yanji?

Amayi okalamba a ku London

Tiyambe ndi nkhani yakale. Zaka zoposa 350 zapitazo, mu mzinda wa London ku Mangalande, munthu akamwalira amayi okalamba olembedwa ntchito ndi mpingo ankapita kukaona mtembo. Amayiwa sanali madokotala. Ankangoyang'ana thupi, nafunsa achibale, kenaka n'kukauza mlembi wa mpingo chimene iwo aganiza kuti chapha munthuyo. Sabata iliyonse alembi ankasonkhanitsa zonsezi ndi kuzisindikiza papepala limene anthu ankagula.

Mukadaona mapepala amenewa mukadadabwa. Ana ambiri analembedwa kuti anafa ndi mano. Anthu ena akuti anafa ndi mantha, ena ndi chisoni, ndipo ena anachita kukanthidwa ndi nyenyezi. Tisawaseke amayi aja. Iwo ankatchula zimene maso awo aona ndi zimene makutu awo amva, monga momwe ifenso timanenera kuti uje anafa ndi mutu kapena ndi m'mimba.

Mu mzindamo munali munthu wina wamalonda, wogulitsa nsalu ndi tinthu tosokera, dzina lake John Graunt. Iyeyu anasonkhanitsa mapepala a zaka zambiri nayamba kuwayerekeza, ndipo m'chaka cha 1662 anatulutsa buku lofotokoza zimene anapeza. Masiku amenewo mzinda wa London unkavutika kawirikawiri ndi mliri woopsa wofalitsidwa ndi nthata za makoswe. Graunt anaona chinthu chachilendo: chaka cha mliri chikafika, imfa zolembedwa kuti zadza ndi matenda ena nazonso zinkakwera. Iye anazindikira kuti ambiri mwa anthu amenewa anaphedwa ndi mliri womwewo, koma anawalembera dzina lina.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nyumba imene mwapezeka mliri ankaitseka, najambula mtanda wofiira pachitseko, naikapo mlonda kuti onse a m'banjamo, odwala ndi amoyo omwe, asatuluke. Ndani akadakonda zotere? Choncho mabanja ena ankanyengerera amayi aja kuti anene matenda ena. Pa mliri waukulu wa 1665 mapepala analemba kuti anthu 68,596 anafa ndi mliriwo, koma akatswiri a mbiri yakale amakhulupirira kuti chiwerengero chenicheni chinayandikira 100,000.

Dzina limodzi, matenda ambiri

Patapita zaka pafupifupi 200, dokotala wina wa ku Mangalande komweko, William Farr, anapatsidwa ntchito yowerenga imfa za dziko lonselo. Umo munali mu 1839. Farr anapeza kuti vuto silinathe. Nthenda imodzi inkatchedwa mayina atatu kapena anayi, ndipo dzina limodzi linkaimira matenda angapo osiyana.

Vutoli tili nalo ngakhale m'chilankhulo chathu. Munthu akanena kuti akudwala chifuwa, kodi akunena chimfine, chibayo, mphumu, kapena chifuwa chachikulu? Matenda anayiwa ndi osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Nanga mawu akuti malungo? Ambiri timatchula malungo thupi likangotentha, pamene achipatala amati malungo pokhapokha m'magazi mukapezeka tizirombo tofalitsidwa ndi udzudzu. Ngati anthu a mudzi umodzi satha kumvana chotere, kuli bwanji anthu a mayiko olankhula zinenero zosiyana?

Mu 1893 akatswiri a ziwerengero ochokera m'mayiko ambiri anakumana mu mzinda wa Chicago ku America, navomereza mndandanda umodzi wa zinthu zimene zimapha anthu. Amene anatsogolera ntchito yokonza mndandandawu anali Jacques Bertillon wa ku Paris. Pambuyo pake anagwirizananso kuti aziukonza pakapita zaka, popeza nzeru za mankhwala siziima malo amodzi. Mu 1948 ntchitoyi inaperekedwa m'manja mwa Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse, lotchedwa WHO, limene likulu lake lili ku Geneva, ndipo kuyambira pamenepo mndandandawu unayamba kulemba matenda onse, akupha ndi osapha omwe. Bukuli limadziwika ndi zilembo zitatu, ICD. Kukonzedwa kwake kwachikhumi, ICD-10, kunavomerezedwa mu 1990, ndipo mayiko anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1994. Ili ndi buku limene linali m'zipatala zambiri pamene mliri wa COVID-19 unafika.

M'bukuli nthenda iliyonse ili ndi chilembo chimodzi ndi manambala awiri. Kolera ndi A00. Chikuku ndi B05. Malungo oopsa aja amene amavuta kwambiri kuno ku Africa ndi B50. Pofuna kufotokoza mwatsatanetsatane amaika mpumiro ndi kuwonjezera nambala ina, kotero kuti B50.0 ndi malungo omwewo akafika ku ubongo. Dokotala wa ku Japan, wa ku Brazil ndi wa ku Malawi sangathe kucheza popanda womasulira, koma onse atatu akaona B05 amadziwa kuti mwana wadwala chikuku. M'zipatala zazikulu za m'mayiko ambiri muli alembi amene ntchito yawo ndi yomweyi basi: kuwerenga zimene dokotala walemba ndi kupeza nambala yoyenera. Mlembi wotere saloledwa kulota. Chimene dokotala sanalembe, iye sachipatsa nambala.

Anthu atatu pamzere umodzi

Sikuti aliyense wopita kuchipatala ndi wodwala. Mayi woyembekezera amene wapita kusikelo sakudwala. Mwana amene wapita kukalandira katemera sakudwala. Komabe anthuwa athandizidwa, nthawi ya namwino yapita, zipangizo zagwira ntchito, ndipo zonsezi ziyenera kulembedwa. Pa chifukwa chimenechi chilembo chotsiriza, Z, anachipatula kuti chikhale cha anthu amene afika kuchipatala pa zifukwa zina, osati matenda. Mayi uja wa kusikelo, ngati zonse zili bwino, nambala yake ndi Z34.

Tsopano tcherani khutu, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Tiyerekeze kuti anthu atatu aima pamzere umodzi, ndipo onse akufuna kupimidwa ngati ali ndi kachirombo kena kake. Woyamba akutsokomola ndipo thupi latentha. Wachiwiri ali bwinobwino, koma sabata yonse wakhala akudwazika mbale wake amene anapezeka ndi kachiromboko. Wachitatu nayenso ali bwinobwino, ndipo sakudziwa munthu aliyense wodwala; wangobwera chifukwa kuntchito kwawo anena kuti aliyense apimidwe. Namwino adzawapima onse atatu m'njira imodzimodzi, ndi zipangizo zofanana. Koma m'kaundula sadzalembedwa mofanana, chifukwa nambala imatsata chimene munthu wapimidwira.

Taganizani za alenje. Mlenje wina waona nyama ndi maso ake, ndipo akuithamangitsa. Wina sanaione, koma wapeza mapazi ake pamatope, ndipo akuwalondola. Wina sanaone nyama kapena mapazi. Wangotchera ukonde pathengo kuti aone ngati mungakodwe kanthu. Munthu woyamba uja ali ngati nyama yooneka: dokotala akufuna kudziwa dzina la nthenda imene yaonekera kale. Zotsatira zikasonyeza kachirombo, adzamulembera nambala ya nthendayo. Zikapanda kusonyeza, adzalemba zimene zaoneka, monga R05, kutsokomola. Wachiwiri ndi wa mapazi: pali chifukwa chomukayikira. Nambala yake ili m'gulu la Z20, la anthu amene anakhala pafupi ndi matenda opatsirana. Wachitatu ndi wa ukonde. Kupima kotereku, kopima anthu ooneka athanzi amene palibe chowakayikira, kumatchedwa kupima kongofufuza, ndipo nambala zake zili m'gulu la Z11. Kufufuza kachirombo ka HIV ndi Z11.4; kufufuza tizirombo tina ta mtundu wa vayirasi ndi Z11.5.

Wina angafunse kuti kuvutikiranji kusiyanitsa, popeza onse apimidwa. Yankho ndi lakuti magulu atatuwa amauza boma zinthu zosiyana. Mwa anthu otsokomola n'zosadabwitsa kupezamo ambiri okhala ndi kachirombo. Koma ukonde ukakola ambiri pakati pa anthu amene sankadziganizira n'komwe, pamenepo ndiye kuti nthenda yalowerera m'mudzi mwakachetechete, ndipo akuluakulu ayenera kudzidzimuka.

Mlendo wa mu 2019

Amene anakonza ICD-10 anadziwa kuti kudzabwera matenda amene iwo sanawaonepo. Choncho chilembo U anachisiya chopanda kanthu, monga momwe mwini nyumba amasungira mphasa yopinda pakona kuti mwina kungafike mlendo usiku. Nthenda ya m'mapapo yotchedwa SARS, imene inavuta mu 2003, inapatsidwa malo pamenepo, pa U04.9.

Mu Disembala 2019, mu mzinda wa Wuhan ku China munapezeka anthu odwala chibayo chachilendo. Posakhalitsa akatswiri anapeza kuti chikuyamba ndi kachirombo katsopano ka mtundu wa korona. Pa 30 Januwale 2020 bungwe la WHO linalengeza kuti nthendayi ndi ngozi ya dziko lonse lapansi. Pa 11 Febuluwale linaipatsa dzina lakuti COVID-19, ndipo pa 11 Malichi linaitcha mliri wa padziko lonse. Kuno kwathu sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa Malichi womwewo, ndipo anthu oyamba kupezeka ndi kachiromboka analengezedwa pa 2 Epulo. Akulu anu akukumbukira bwino masiku amenewo: zotchinga pakamwa ndi pamphuno, ndowa za madzi ndi sopo pakhomo la sitolo iliyonse, ndi moni wopanda kugwirana chanza.

Nthendayi inapatsidwa nambala ziwiri. U07.1 inali ya munthu amene wapimidwa ndipo kachirombo kapezeka. U07.2 inali ya munthu amene dokotala akuona kuti ndi nthenda yomweyi, poona zizindikiro zake ndi kumene wakhala, koma sanapimidwe, kapena zotsatira sizinaoneke bwino. Nambala yachiwiriyi inali yanzeru. M'miyezi yoyamba zipangizo zopimira zinali zosowa ngakhale m'mayiko olemera, ndipo m'mayiko osauka malo opimirako anali owerengeka. Pakadakhala nambala imodzi yokha, dokotala wa kumudzi akadakakamizidwa kusankha pakati pa mabodza awiri: kulemba kuti watsimikiza pamene sanatsimikize, kapena kulemba chibayo wamba pamene mtima wake ukumuuza zina. Nambala ziwiri zinamulola kunena zoona, ndi kusonyezanso kuti akutsimikiza mpaka pati.

Kupima kwake kunali kotere. Namwino ankalowetsa kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga m'kati mwenimweni mwa mphuno, natengako mamina. Njira yodalirika kwambiri, yotchedwa PCR, inkafuna makina a mu labotale, ndipo zotsatira zinkatha kutenga tsiku kapena masiku angapo. Pambuyo pake kunabwera tizipangizo tachangu totulutsa zotsatira m'mphindi 15 kapena 30, ngakhale kuti nthawi zina tinkaphonya.

Koma kachiromboka kanali ndi khalidwe lina loipa. Munthu ankatha kukhala nako, n'kumapatsira anzake, iye mwini asakumva chilichonse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake kunayambika kupima anthu ooneka athanzi: apaulendo okwera ndege, ogwira ntchito m'zipatala, odwala matenda ena amene akuyembekezera opaleshoni. Anthu amenewa ndiwo anazunguza mitu alembi a manambala.

Nambala imene inaletsedwa

Kuti tione bwino vutoli tipite ku United States of America, chifukwa kumeneko manambala a matenda ali ndi ntchito inanso. Zipatala za kumeneko n'zolipira, ndipo anthu ambiri amawalipirira ndi makampani a inshuwalansi kapena boma. Chipatala chikafuna ndalama zake chimatumiza pepala losonyeza zimene chachita, pamodzi ndi nambala yofotokoza chifukwa chake. Nambala ikalakwika kampani ikhoza kukana kulipira, ndipo ngongole ikhoza kugwera wodwala. Pa chifukwa chimenechi dzikolo lili ndi buku lakelake lochokera mu ICD-10 koma lokulitsidwa kwambiri, lokhala ndi manambala pafupifupi 70,000, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2015.

Dzikoli linalowetsa U07.1 m'buku lake pa 1 Epulo 2020. Poyamba malangizo anatsata njira yakale ya anthu atatu aja. Munthu wosadwala amene anakhala pafupi ndi wodwala ankalembedwa m'gulu la Z20. Munthu wosadwala amene sakudziwa kuti anakhalapo pafupi ndi wodwala aliyense ankalembedwa Z11.59, kutanthauza kupima kongofufuza.

Koma miyezi itapita, nthenda itafika m'mizinda ndi m'midzi yonse, akatswiri anayamba kudzifunsa. Munthu akanena kuti sanakhale pafupi ndi wodwala, akudziwa bwanji? Dzulo anakwera basi. Anagula zinthu m'sitolo. Anakhala m'chipinda chimodzi ndi anzake a kuntchito. Ngati ena mwa anthu amenewa anali ndi kachirombo osadziwa, ndiye kuti iye anakhala pafupi ndi nthenda osadziwanso. Tibwerere kwa alenje athu: thengo lonse likadzaza mapazi, palibenso mlenje amene anganene kuti wangotchera ukonde mwamwayi. Choncho m'chaka cha 2020 chomwecho malangizo anasinthidwa. Anati pa nthawi ya mliri nambala ya kupima kongofufuza siyoyenera, ndipo munthu wosadwala amene wapimidwa, ngakhale amene akungokonzekera opaleshoni, alembedwe ngati munthu amene mwina anakhala pafupi ndi kachirombo.

Kenaka panachitika chinthu chimene poyamba chingaoneke choseketsa. Pa 1 Januwale 2021 m'bukumo munalowa manambala atsopano a COVID-19. Ina inali Z20.822, ya munthu amene anakhala, kapena akuganiziridwa kuti anakhala, pafupi ndi kachiromboka. Ina inali Z11.52, ya kupima kongofufuza COVID-19. Koma malangizo omwewo amene analengeza Z11.52 anauza alembi kuti asaigwiritse ntchito mliri usanathe. Nambala inalipo, yosindikizidwa bwinobwino, koma yoletsedwa, ngati khasu latsopano limene lagulidwa m'chilimwe kudikira mvula. Alembi amene anaiona m'buku naithamangira osawerenga malangizo analakwitsa. Safunsa anadya phula.

Ife tikuona kuti lamuloli linali loyenera, ngakhale kuti linali ndi mtengo wake. Linali loyenera chifukwa linanena zoona za nthawi imeneyo: panalibe munthu woyenda pakati pa anthu amene akadalumbira kuti kachirombo sikanamuyandikire. Mtengo wake unali wakuti mayi amene wadwazika mwamuna wake usiku ndi usana, ndi munthu amene wangobwera kudzachotsa dzino, analembedwa nambala imodzi, ndipo wowerenga kaundula sakadatha kuwasiyanitsa.

Nanga munthu wosadwala uja zotsatira zake zikasonyeza kuti ali ndi kachirombo? Pamenepo chilembo Z chinkachoka, ndipo ankalembedwa U07.1, ngakhale asanatsokomole n'kamodzi komwe.

Kuwerenga bwino ndi kuwerenga molakwa

Tichiteko masamu pang'ono. Tiyerekeze kuti chipatala china chapima anthu 1,000 m'sabata imodzi, ndipo 50 apezeka ndi kachirombo. Mlembi waulesi, poona kuti onsewa anabwerera nkhani ya COVID-19, wawalembera onse U07.1. Ku likulu adzawerenga kuti dera limenelo lili ndi odwala 1,000. Adzatumizako mpweya wothandiza kupuma, mabedi ndi anamwino, kuzichotsa kudera lina kumene anthu akuzisowadi. Mwina adzatseka sukulu ndi misika popanda chifukwa. Tiyerekezenso mlembi wina amene, pomvera chisoni mabanja oopa kusalidwa, walemba 50 aja kuti ndi chimfine. Ku likulu adzaona kuti deralo lili pa mtendere, ndipo thandizo silidzabwera kufikira manda atachuluka. Mlembi wachiwiriyu wachita zomwe zija anachita amayi a ku London, ndipo chifundo chake chapweteka anthu ambiri kuposa amene wawathandiza.

Aphunzitsi amazidziwa bwino zimenezi. Mphunzitsi amene amachonga kaundula wa kalasi osaitana mayina, pakutha pa teremu sadziwa kuti ndi mwana uti amene wayamba kujomba, ndipo amadzadzidzimuka mwanayo atasiyiratu sukulu.

Dziwaninso kuti manambala akamapita ku likulu, mayina a odwala sayenera kupita nawo. Chimene boma likufuna kudziwa ndi kuchuluka kwa odwala, misinkhu yawo ndi madera awo. Matenda a munthu ndi chinsinsi cha iye ndi achipatala, ndipo mlembi woulula zimene waona m'kaundula walakwira ntchito yake.

Ngakhale panali khama lonseli, dziko lapansi silinathe kuwerenga onse. Pofika kumapeto kwa 2021, mayiko anali atauza WHO kuti anthu pafupifupi 5.4 miliyoni afa ndi COVID-19. Koma m'mayiko ambiri anthu amafera kunyumba osapimidwa, ndipo imfa zawo sizilembedwa paliponse. Choncho akatswiri a bungweli anachita zofanana ndi zimene anachita wogulitsa nsalu uja. Anayerekeza imfa zonse za mu 2020 ndi 2021 ndi imfa zimene zikadayembekezeka m'zaka zopanda mliri, ndipo mu Meyi 2022 analengeza kuti imfa zowonjezera zinali pafupifupi 14.9 miliyoni. M'chiwerengerochi muli amene anaphedwa ndi kachirombo, komanso amene anafa ndi matenda ena chifukwa zipatala zinali zodzaza.

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti COVID-19 siilinso ngozi ya dziko lonse, ngakhale kuti kachiromboka sikanathe. Ku America nthawi ya ngozi inatha pa 11 Meyi, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala chaka chomwecho alembi analoledwa kulemba Z11.52, patapita zaka ziwiri ndi miyezi 9 chiikidwire m'buku. Pakali pano pali buku latsopano, ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, ndipo mayiko akulilandira pang'onopang'ono. M'menemo COVID-19 ndi RA01, ndipo namonso asiyamo malo opanda kanthu a matenda amene sanabwere.

Mawu oti muwadziwe

kaundula: buku lolembamo mayina kapena zochitika mwadongosolo
mliri: nthenda yogwira anthu ambiri pa nthawi imodzi
kulondola: kutsata mapazi kapena njira imene china chadzera
kusalidwa: kupewedwa kapena kunyozedwa ndi anthu chifukwa cha matenda kapena vuto lina

Mafunso

1. Kodi ndani ankanena chimene chapha munthu mu mzinda wa London zaka 350 zapitazo?
2. N'chifukwa chiyani mabanja ena ankabisa kuti mbale wawo wafa ndi mliri?
3. Tchulani matenda anayi amene anthu amangowatcha chifuwa.
4. Fotokozani kusiyana kwa U07.1 ndi U07.2. Kodi nambala yachiwiriyi inathandiza madokotala a kumalo otani?
5. N'chifukwa chiyani alembi a ku America analetsedwa kulemba Z11.52 pa nthawi ya mliri? Kodi inu mukugwirizana nalo lamuloli? Perekani zifukwa.
6. Perekani tanthauzo la mwambi wakuti "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere" monga momwe wagwirira ntchito m'nkhaniyi.

Ntchito

Funsani makolo kapena akulu anu kuti akufotokozereni zimene zinkachitika m'dera lanu m'chaka cha 2020 sukulu zitatsekedwa. Lembani chimangirizo cha ndime zitatu pa zimene mwamva, osatchula dzina la munthu aliyense amene anadwala.